Za Denga Lija

1.

Mayi, za denga lija.

Lamulo ndi lamulo, a Kaliwo.

2.

Makomo asanu ndi limodzi pa mdadada umodzi, kwa Ntonyo, kuseri kwa chigayo. Mwini wake ndi Nangozo, mkazi wa malemu a Chikadza, ndipo iye amakhala m'kanyumba kopenyana ndi mdadadawo, bwalo lokha pakati. Ukakwera pachulu cha kuchigayo dzuwa lili pamutu, dengalo limakuthobwa m'maso: malata atsopano pa khomo loyamba, atsopano pa lachiwiri ndi lachitatu, kenaka chigamba chofiira ndi dzimbiri, kenaka atsopanonso mpaka kumapeto. Dzino lobooka pakati pa mano oyera.

Pansi pa dzimbirilo pamakhala a Kaliwo, mkulu wokonza maambulera.

Nangozo akufuna a Kaliwo achoke. Tinene pompano, pasadzapezeke wina wonena kuti sanamve. Akufuna achoke okha, ndi miyendo yawo, popanda wowakankha, chifukwa kuwakankha ndi mlandu.

3.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kunabwera munthu wa kukhonsolo ya tawuni pa njinga yamoto, atavala jekete pa kutentha konse kuja, n'kumata pepala pakhoma la chigayo. Pepalalo linati:

Lendi isakwere ngati wokhalamo ali yemwe uja.
Mwini nyumba wolandira ndalama zoposa, chindapusa.
Mwini nyumba wotulutsa munthu amene amalipira bwino, chindapusa.
Wokhalamo akachoka mwa kufuna kwake, mtengo watsopano uli kwa mwini nyumba.

Anthu a lendi anavina tsiku limenelo, ndipo sitingawadzudzule, anali atatopa ndi kukwezeredwa mwezi ndi mwezi. Nangozo anawerenga pepalalo kawiri, fumbi la ufa likumugwera m'tsitsi, n'kubwerera kwake. Nthawi imeneyo lendi ya khomo limodzi inkagula matumba awiri a simenti. Lero ikugula nkhuku, nayonso yowonda.

Pepala lija mvula inalidya kalekale. Lamulo ndiye likadali ndi mano onse.

4.

Anachoka:

wa khomo loyamba, ntchito inamusamutsira ku Mzuzu;
wa lachiwiri, anakwatiwa;
wa lachitatu, anathawa ukwati;
wa lachisanu, anamanga yake;
wa lomaliza, Mulungu anamuitana.

Aliyense akachoka, Nangozo ankasesa, kupaka laimu, kukweza mtengo, n'kuitana kalipentala. Khomo lililonse limadya malata asanu ndi atatu, ndipo nambala imeneyi iye amaidziwa ngati dzina la mwana wake. Kalipentala akafika pamalire a khomo lachinayi, Nangozo ankakuwa ali pansi, manja m'chiuno: Lekezani pomwepo, bambo! Nkhuku sigula lata.

A Kaliwo sanachoke.

5.

Asanayambe za maambulera, a Kaliwo anagwira ntchito zaka makumi atatu pageti pomwe msewu umadumpha njanji. Kutseka. Kudikira. Kutsegula. Ankaima ndi mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, akuwerenga mabogi a katundu akamadutsa, bogi lililonse litalembedwa ndi choko komwe lachokera ndi komwe likupita. Munthu wotere mungamuphunzitse chiyani za kudikira? Ngakhale chimbudzi chopanda munthu amayamba achigogoda.

Nawo malankhulidwe awo ndi a sitima ya katundu. Mutu umatulukira pano, mabogi akadali ku Balaka. Amati Mayi, n'kupuma. Za denga lija, n'kupumanso, akupotokola chipewa m'manja. Wofuna kumva bogi lomaliza ayenera kukhala pansi.

Nangozo alibe nthawi yokhala pansi. Iye ndi wa gulu lija loyankha moni usanaperekedwe.

6.

Kuseri kwa chitseko chilichonse cha mdadadawo kuli pepala lina, lolembedwa pamanja ndi malemu a Chikadza. Limeneli ndi lakale kuposa la khonsolo.

Wailesi itsike anthu akamagona.
Chimbudzi tikolopa mosinthana.
Nkhuku ayi, abakha ayi.
Wa lendi asakhome msomali, asaboole khoma, asakwere padenga popanda chilolezo cha mwini nyumba.

Lomalizali a Chikadza analidula mzere kunsi kawiri, chifukwa wina anakwerapo kukamanga mlongoti wa wailesi n'kuthyoka mwendo, ndipo mlandu wake unawadyera njinga. Kuyambira pamenepo makwerero a pakhomopo amagona cham'mbali kuseri kwa nyumba ya Nangozo, atamangidwa ndi unyolo. Kiyi wake amakhala pamfundo ya chitenje.

Anthu ena mapepalawo anayatsira mbaula. A Kaliwo lawo analikuta ndi pulasitiki.

7.

Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, mame asanaume.

Odi, mayi.

Eee, a Kaliwo.

Ndalama zopindidwa pawiri, zoperekedwa ndi manja awiri, zosaperewera ngakhale tambala. Chimenechi ndicho chinkamuwawa Nangozo. Akanakhala munthu wa mawa-mawa, bwenzi khonsolo yomweyo itamuthandiza kuwatulutsa. Koma uyu ndi munthu amene kalendala ingafunse tsiku kwa iye.

Chaka china a Kaliwo anabwera ndi timipukutu tiwiri. Anati, Mayi, aka ndi ka masiku onse. Aka, ndaona kuti zinthu zinadula.

Nangozo analumpha ngati waponda njoka. Sabata lomwelo landilodi wina wa kumsika anali atalipitsidwa chindapusa chifukwa cholandira zapamwamba, ndipo amene anakamuneneza anali tenanti yemwe anamupatsa ndalamazo.

Mwanditchera msampha, a Kaliwo? Bwezani m'thumba! Ine si mbewa.

A Kaliwo anabweza m'thumba. Sanayesenso.

8.

Mayi, za denga lija.

Lamulo ndi lamulo, a Kaliwo. Linamanga lendi, linamanganso denga.

9.

Velonika, mwana wa Nangozo, amaimba foni kuchokera ku Lilongwe Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, nthawi imene munthu ukanati mtima ukadali wofewa.

Mama, madala aja akadalipo?

Akadalipo.

Koma inu ndiye ayi. Mankhwala anu a shuga akugula ndani? Nyumba zimenezo adadi anamanga kuti zizikudyetsani, osati inu muzizidyetsa. Musakonze kanthu. Mvula iwatulutsa yokha.

Ndi munthu wamkulu, Velo.

Inunso ndinu munthu wamkulu.

Zinali zoona. Mankhwala a mwezi umodzi ankadya lendi ya a Kaliwo kanayi, ndipo maso ake anali atayamba kuona chifunga dzuwa likuswa mtengo. Si kuti mayiyu anabadwa wouma mtima. Ankaopa. Ankaopa kukalamba m'manja mwa mkamwini.

10.

Lata loyamba linafika mu Epulo chaka chatha, pa njinga ya kabaza, likulira ngati bingu laling'ono m'kanjira ka kuchigayo. A Kaliwo analilandira, kulilowetsa m'nyumba chopendeka, n'kutseka chitseko.

Nangozo anaitana Abiti Sumani, wa khomo lachisanu, wogulitsa mandasi.

Mwaona zomwe ndaona ine?

Ndaona, mayi. Lata.

Akumanga kwawo amenewa. Ku Balaka.

Anena okha?

N'zofunika kunena? Munthu wa lendi akagula lata ndiye kuti mtima unapita kale kumudzi.

Abiti Sumani anati, Ine ndinawafunsa, angoti ndi nkhani ya eni ake.

Eni ake ndi iwowo, anatero Nangozo, ndipo tsiku limenelo anasesa bwalo lonse akuimba, mpaka pakhomo lachinayi pomwe anali asanasesepo zaka zitatu. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Koma mwambi umabwera kwa munthu amene ali ndi nthawi yokhala pansi.

11.

Limodzi.

Awiri, mu Meyi.

Atatu, anayi. Asanu anachedwa, panadutsa miyezi iwiri, Nangozo mpaka anada nkhawa kuti mwina maambulera asiya kuthyoka m'tawuni muno. Anatenga yake yabwinobwino, kuipinda nthiti imodzi, n'kuipereka kwa Abiti Sumani kuti akakonzetse. Amange msanga, anati. Munthu wamkulu afunika pake.

12.

Masana a Okutobala Nangozo akakhala pakhonde n'kutsamira khoma tulo timamuba, ndipo mdadada uja umadzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe, makomo onse asanu ndi limodzi, n'kuyamba kuyenda panjanji imene pabwalopo sinakhalepo, khomo loyamba likukoka lachiwiri, lachiwiri likukoka lachitatu, zovala za anthu zikuuluka pachingwe, utsi wa mbaula ukutuluka m'mazenera, Abiti Sumani akugulitsa mandasi kwa mitengo ya mango imene ikudutsa, a Chikadza ali kutsogolo ndi ovolosi yawo ya simenti akuimba mluzu ngati sanamwalirepo, koma bogi lachinayi lilibe denga, ladzaza madzi mpaka m'milomo, ndipo m'madzimo mukuyandama maambulera otsegula chagada ngati maluwa a padziwe, akuda, ofiira, a mizeremizere, pomwe a Kaliwo aima pambali pa njanji ndi mbendera yofiira m'mwamba, sitima ikudutsa, iwo osakwera, akungogwedeza milomo pang'onopang'ono, Nangozo akutchera khutu kuti amve koma mawu akumira m'phokoso la magudumu, likulira, likulira, likulira

13.

Chigayo.

14.

Tsiku lina atabwera kuchokera kumsika anapeza envulopu pansi pa chitseko. Zilembo zake zinali zoongoka ngati asilikali: Kwa Mayi Chikadza, za denga.

Nangozo anaigwira ndi nsonga za zala. Iye amadziwa mmene milandu ya kukhonsolo imayambira. Imayamba ndi kalata, ndipo ukaiwerenga ndiye kuti wailandira, ukailandira ndiye kuti unachenjezedwa. Anaiyang'ana padzuwa, n'kuona mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Mizere yochepa chonchi, anaganiza, n'chimodzimodzi poizoni, safuna kapu yaikulu.

Mbaula inali ikuyaka kale, nyemba zili pamoto. Kalatayo inapsa msanga, ndipo phulusa lake linakwera m'mwamba, kudutsa bwalo, n'kukatera padenga la dzimbiri lija.

M'mawa mwake a Kaliwo anaima pakati pa bwalo akumuyang'ana, chipewa m'manja, ngati munthu wodikira mbendera. Nangozo anatembenuka n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka.

15.

Iwe Nangozo. Njerwa za khomo lachinayi tinaumba tonse, waiwala? Unali ndi pakati pa Velonika, unkasenza madzi kuchokera kudambo, ine ndikuponda dothi. Madzi akulowa m'khomamo sadziwa kuti lendi ndi zingati. Akufewetsa njerwa zako zomwe.

Awa ndi mawu a malemu. Amabwera masana, nthawi ya tulo tija, ndipo amachokera chakuseri komwe kumagona makwerero.

Mukudziwapo chiyani inu, Nangozo amayankha maso ali chitsinzinire. Munagona simenti ili pamtengo wina. Munandisiyira makomo asanu ndi limodzi ndi lamulo limodzi, n'kupita kukapuma.

Tsegula loko, mkazi wanga.

Mukatsegule ndinu.

16.

Asanu ndi atatu, mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana cha kumwera.

Kanyumba kakang'ono, Nangozo anauza Abiti Sumani. Chipinda ndi pabalaza. Kawakwanira.

Anadikira galimoto yodzanyamula malatawo. Sabata, masabata awiri, mwezi. Sinabwere.

17.

Tho.

Tho.

Tho-tho.

18.

Zomwe zinkatchera madzi m'khomo lachinayi: ndowa ziwiri, beseni, poto wa ndiwo, kapu yachitsulo, chitini cha penti, ndi maambulera asanu ndi awiri amene eni ake sanabwere kudzatenga.

Nangozo anaziona yekha. Mphepo ya Disembala inamuthyolera ambulera, tsopano zenizeni, ndipo kwa Ntonyo konse wokonza ndi mmodzi. Anaima pakhomopo, chitseko chili pululu. Maambulera aja anali lendelende pamwamba pa bedi, otsegula chagada, omangiriridwa kumapaso ndi tizingwe, popanda msomali ngakhale umodzi. Ina ikadzaza, a Kaliwo ankaipendeketsa ndi ndodo, madzi n'kutsikira m'ndowa. Matiresi anali atanyowa chakumiyendo. Khoma limodzi lokha ndilo linali louma, ndipo pamenepo sipanali bedi. Panatsamira malata aja, atafunditsidwa bulangeti.

Mkuluyu mutu sukuyenda, Nangozo anaganiza. Kufunditsa malata, mwini wake akugona m'madzi.

A Kaliwo anaongola nthiti ya ambulera, kuimanga ndi kawaya, kuitsegula ndi kuitseka katatu. Ndalama anakana.

Mayi, anatero, akuyang'ana kumalata kuja. Popeza mwafika.

Ndasiya poto pamoto, anatero Nangozo. Panalibe poto pamoto.

19.

Chifuwa chinayamba mu Januwale. Chinkadutsa bwalo, kukwera khonde, kulowa kukhitchini kwa Nangozo n'kukhala pampando. Akamadya chinalipo. Akamawerenga Baibulo chinkatsokomola pakati pa ndime.

Lachitatu lina masana, mvula itapuma, Nangozo anamasula mfundo ya chitenje. M'nyumba anali ndi pulasitiki yakuda yotsala pomanga, yokwanira kuyala pakhomo limodzi n'kutsinjiza ndi njerwa. Si kukonza kumeneko, anadziuza, n'kufunditsa chabe. Anapita kuseri. Loko anali atachita dzimbiri, udzu utamera pakati pa makwerero. Kiyi analowa.

Foni inalira.

Mama, ndapeza munthu. Nesi, wosakwatiwa, alibe ana, mtengo watsopano sakuwiringula. Madala aja afika pati?

Akudwala, Velo.

Ndiye kuti zatsala pang'ono. Abale awo abwera kudzawatenga. Ingopirirani masabata awiri, mama, musagwe mphwayi pomaliza.

Nangozo anazula kiyi. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, ndipo anawamangirira pamfundo yomweyo pamodzi ndi kiyiyo.

20.

Tsiku loyamba la Febuluwale a Kaliwo anawoloka bwalo atavala majekete awiri. Mtunda wa mapazi makumi awiri anapumira kawiri. Ndalama zopindidwa pawiri, manja awiri.

Mayi.

Anatsokomola.

Za denga lija. Ine ndimati

Nangozo anaona milomo yotuwa ija, anaona khosi likulowa ndi kutuluka, ndipo anadziwa kuti akamva liwu limodzi lokha lowonjezera agonja, akamasula makwerero, akagula malata ndi ndalama za mankhwala, ndipo a Kaliwo adzakhala zaka zina zisanu ndi zinayi pamtengo wa nkhuku. Choncho anakuwa, mokweza kuposa masiku onse, mpaka njiwa za padenga zinauluka.

Lamulo ndi lamulo, a Kaliwo!

Anatseka chitseko n'kuchitsamira. Kenaka mapazi anabwerera, akupumira panjira.

21.

Abiti Sumani ndiye anaimba foni ku Balaka. Loweruka kunafika kagalimoto ka matola, ndipo kunatsika mayi wamfupi wa magalasi, Edina, mwana wa mchemwali wawo wa a Kaliwo. Analowa m'khomo lachinayi, anatulukamo, n'kulunjika kwa Nangozo osapereka moni.

Inu ndinu a landilodi?

Ndine.

Mumagona tulo, mayi?

Nangozo anaima pakhonde akuwerenga zokwera m'galimoto: bedi, matiresi onyowa, bulangeti, sutikesi, mbaula, bokosi la mawaya ndi mapulayala, mbendera ziwiri zakale zokulungidwa pamodzi, maambulera asanu ndi awiri. Dalaivala anayamba kumanga chingwe.

Nanga malata aja mukusiya? anafunsa Nangozo.

Akukana, anatero Edina. Ati si awo.

Si awo bwanji? Ndinawaona ndi maso angawa akulowa limodzilimodzi. Si a nyumba imene akumanga ku Balaka?

Nyumba yanji? Amalume alibe ngakhale njerwa imodzi ku Balaka. Akukagona pabalaza panga.

A Kaliwo anabwera atagwira phewa la dalaivala. Anapereka kiyi wa khomo lachinayi ndi manja awiri.

Mayi, anatero.

Ndipo Nangozo, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi, anakhala pansi. Anakhala pamphepete pa khonde, manja pamiyendo, pakamwa potseka. Anadikira. A Kaliwo anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi chifuwa, chachitali, chowapinda pakati. Mvula inayamba kuwaza. Edina anawafunditsa chitenje, dalaivala anawanyamula ngati mwana n'kuwakhazika kutsogolo, ndipo galimoto inakhota pachigayo.

22.

Mama, zatheka! Nesi uja ndimuuze abwere liti?

Walira mvula walira matope, Velo.

Mukuti chiyani? Netiweki ikuvuta.

Ndati ndikuimbira.

23.

Khomo lachinayi linkanunkha nkhungu ndi parafini. Pansi panali timadziwe m'malo momwe munkakhala ndowa, tizingwe tili lendelende kumapaso, pepala la a Chikadza lili kuseri kwa chitseko m'pulasitiki yake, louma. Malata aja anatsamira khoma, owala ngati angotsika m'sitolo. Pambali pake panali chitini cha misomali ya malata, chodzaza.

Pa lata lapamwamba panali zolemba za choko, zilembo zoongoka ngati asilikali. Nangozo anayandikira mpaka mphuno kugunda chitsulo, chifukwa cha chifunga cha m'maso chija.

KUCHOKERA: Kaliwo, khomo 4.
KUPITA: Mayi Chikadza, padenga la khomo 4.
KUDIKIRA: chilolezo ndi makwerero.

Analisuntha. Lachiwiri, mawu omwewo. Lachitatu, omwewo. Pa la pansi penipeni, lija la mu Epulo, choko chinali chitafufutika n'kulembedwanso, kufufutika n'kulembedwanso. Anawerenga ndi chala ngakhale ankadziwa kale. Asanu ndi atatu.

Ndipo sitima ija inafika yonse, bogi ndi bogi, m'chipinda chopanda munthu, Mayi, za denga lija, ndalama zowonjezera munakana ndipo munachita bwino, koma pepala la khonsolo silinena za malata, ndiye ndagula, ndi anu, misomali ilipo, ine manja akadali ndi mphamvu pang'ono, chatsala n'chakuti mundilole, popeza pepala la bambo likuti wa lendi asakwere, mungomasula loko, mayi, basi

Tho.

Nangozo anatuluka osatenga ambulera. Kuseri kuja loko anakana kawiri, kachitatu anatseguka. Makwerero anali olemera kuposa mmene ankawakumbukira, choncho anawakoka chokhwekhwereza m'matope, kudutsa bwalo lonse, Abiti Sumani akuyang'ana pazenera. Anawaimika pakhoma la khomo lachinayi, nsonga zake zitagunda dzimbiri. Anawagwedeza kuti aone ngati akhazikika. Kenaka anawagwira ndi manja awiri, phazi limodzi atatsinjiza pansi pake, monga achitira munthu wogwirira mnzake amene ali pamwamba.

Kwerani, a Kaliwo, anatero. Ndagwira.